Chifefe cha agogo chinachokera kuti? Mmene mungafufuzire mbiri ya mfuti yamasiye

Titangometa maliro a malume, akuluakulu anatsitsa mfuti yomwe inkakhala pamwamba pa wadiropu, yokulungidwa m'bulangete lakale la asilikali. Chinali chifefe cha mipope iwiri yogundizana, thendere lake la mtengo wakuda wosalala chifukwa cha manja. Pabwalopo aliyense anali ndi nkhani yake. Ena amati agogo aamuna anabwera nacho kuchokera ku nkhondo ya Chiwaya. Ena amati ayi, anawapatsa ndi bwanamkubwa weniweni atapha kambuku wovuta. Msuweni wanga, yemwe sachoka pa intaneti, anangoona mawu oti London pamsana pa mipope n'kuyamba kuwerengera mamiliyoni.

Zinanditengera miyezi yambiri kuti ndidziwe zoona zake, ndipo zomwe ndinaphunzira ndi izi: ntchitoyi ili pawiri. Kumene mfuti inapangidwira ndi zaka zake, chitsulo chimanena chokha. Koma manja amene inadutsamo kuti ifike kwanu, amenewo amanena ndi mapepala ndi anthu. Mukasakaniza ziwirizi mudzangopeza zomwe mtima wanu unkafuna kale.

Choyamba: onani ngati ili ndi chipolopolo, kenako ganizani za apolisi

Mfuti yakale muziitenga ngati yodzaza mpaka mutaona ndi maso anu kuti mulibe kanthu. Lozetsani mipope pansi kumene kulibe munthu, chala chikhale kutali ndi chowombera, kankhirani kudzanja lamanja kachitsulo kotsegulira kali pamwamba, mfutiyo ithyoka pakati. Mukapezamo chipolopolo, chotsani. Ikakana kutseguka musaimenye ndi hamala. Isiyeni ndipo muitane wodziwa. Ngati ili ya gogodera, yothira onga kukamwa, samalani kwambiri, chifukwa onga ukhoza kukhalamo zaka makumi angapo koma n'kuphulikabe.

Suzumirani m'mipope mutalozetsa ku kuwala. Mu yathu munali chisa cha mavu, dothi louma gwa, chapakati pa mpope wakumanzere. Munthu akanati ayesere "kuti timve ngati ikulirabe" bwenzi tikulira maliro achiwiri. Musaiwombe. Ngakhale mipope ili yoyera, musaiwombe mpaka mutadziwa zomwe zili m'munsimu.

Za lamulo n'zachidule. Ku Malawi mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act, ndipo laisensi ndi ya munthu, si ya banja. Mwini akamwalira, laisensi yake sikhala yanu ngakhale onse avomereze kuti mfutiyo ndi gawo lanu la chuma chamasiye. Pitani kupolisi yapafupi ndi kalata ya imfa komanso laisensi yakale ngati ilipo, akuuzeni zoyenera kuchita. Akanena kuti aisunge kaye, pemphani kalata yosonyeza kuti ailandira, ndipo muone kuti nambala ya mfuti yalembedwa bwino. Koma musanaipereke, tsiku lomwelo, jambulani zonse zomwe ndifotokoze pano, chifukwa ikalowa m'chipinda chosungira zida simudzaiona mwachisawawa.

Chachiwiri: musaikweche

Mtima umafuna kuti chinthu cha agogo chiwale. Letsani mtimawo. Sitiliwulo, sandipepa, phulusa, mchenga, mankhwala opukutira mkuwa, zonsezi zimafafaniza tizidindo tomwe ndi umboni wanu. Vanishi pathendere amabisa zolemba ndi kugwetsa mtengo wa mfuti. Kansalu kofewa ndi timadontho ta mafuta a makina osokera pachitsulo n'zokwanira. Chivundi kapena bokosi lomwe inkasungidwamo, ngakhale litadyedwa ndi chiswe, musataye. Mkati mwa chivindikiro nthawi zambiri mumakhala pepala lomatidwa la sitolo yomwe inagulitsa.

Chachitatu: funsani akuluakulu musanawauze chilichonse

Apa anthu ambiri amalakwitsa ndondomeko. Amayamba afufuza pa intaneti, kenako n'kupita kwa azakhali: "Kodi si mzungu wakutiwakuti anawapatsa?" Azakhali, posafuna kukhumudwitsa mwana, amangoti "eya, ndi yemweyo." Umboni wafa pamenepo.

Pitani kwa aliyense payekha, osati pagulu, chifukwa pagulu wamkulu akalankhula ena amangovomera. Tsegulani chojambulira mawu pafoni atakulolani. Funsani mafunso osatsogolera: Munayamba kuiona liti? Munali kalasi yanji? Tinkakhala mudzi uti? Agogo ankagwira ntchito kuti nthawi imeneyo? Ndani ankapita kukalipira laisensi, ndipo ku boma liti? Anthu sakumbukira chaka, koma amakumbukira kuti "inalipo kale pa njala ya 1949" kapena "inabwera Chitaganya chitangotha," ndipo zimenezo n'zokwanira kuikapo malire. Pa chilichonse funsaninso kuti, "Munaona nokha kapena munamva?" Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Lembani dzina la wokuuzani, zaka zake ndi tsiku.

Chachinayi: igaweni patatu, muijambule

Chifefe cha mtundu uwu chimagawika popanda sikuludiraiva. Pansi pa mipope pali kathabwa kogwirira dzanja lamanzere. Kali ndi kabatani kunsonga kapena kachitsulo kokoka pakati. Dinani kapena kokani, kathabwako kachoka. Kenako tsegulani mfuti monga mwa masiku onse, mipope ituluka pa mutu wachitsulo. Mwatsala ndi zigawo zitatu. Zomangira zonse zisiyeni. Zakale zimaphwanyika mitu msanga.

Tembenuzani mipope. Kumapeto kwake kumene mumalowera zipolopolo, pansi pake, pali malo athyathyathya odzaza ndi tizidindo. Enanso ali pa mutu wachitsulo pamene mipope imagona. Jambulani masana pamthunzi, osayatsa kuwala kwa foni. Tizidindo tikakhala tofufutika, unikirani ndi tochi chammbali kuti tichite mthunzi, kapena pakani choko n'kupukuta pamwamba pang'ono. Chokocho chimatsalira m'maenje, zilembo n'kuonekera. Jambulaninso msana wa mipope, mbali zonse za mutu, kachitsulo kotchinga zowombera mpaka kumchira kwake, mkati mwa kathabwa kaja, ndi thendere lonse. Pansi pa thendere pamakhala kachitsulo kozungulira ka siliva; ngati pali zilembo zoyamba za dzina la munthu, mwapeza chuma. Yezani kutalika kwa mipope: zambiri za ku Britain ndi mainchesi 28 kapena 30, ndipo mukapeza muyezo wachilendo, mwina wina anaidulapo.

Chachisanu: werengani zidindo, pakuti sizinama ngati dzina

Ku Britain lamulo silinkalola kugulitsa mfuti isanayesedwe ndi onga wopitirira muyezo ku nyumba yoyesera mfuti. Nyumbazi zilipo ziwiri: ya ku London, ya bungwe la amisiri a mfuti lomwe linalandira chilolezo cha mfumu mu 1637, ndi ya ku Birmingham, yomwe inakhazikitsidwa mu 1813. Mfuti ikapirira, ankaidinda. Popeza malamulo a kadindidwe ankasintha zaka zodziwika, zidindozo ndiye kalata yake yobadwira.

Yambani ndi mzinda. Chisoti chachifumu pamwamba pa zilembo zolukana za GP, ndi china pamwamba pa V, ndi London. Ndodo zachifumu ziwiri zopingasa zokhala ndi zilembo BPC ndi Birmingham isanafike 1904. Kuyambira 1904 Birmingham inayamba kudinda chisoti pamwamba pa BP, BV ndi NP, ndipo malamulo a 1954 atabwera zinasanduka BNP.

Kenako mawu. Mukaona NOT FOR BALL, mfutiyo inayesedwa pakati pa 1875 ndi 1887. Kuyambira 1887 anayamba kulemba CHOKE m'malo mwake, ndi kachizindikiro kooneka ngati dayamondi ya pa makhadi a juga kokhala ndi nambala monga 12 ndi chilembo C. Mawu oti NITRO PROOF pamodzi ndi kulemera kwa zipolopolo, monga 1 1/8 oz, kawirikawiri ndi a zaka za 1904 mpaka 1954. Mkati mwa zaka zimenezi muli mzere wina wofunika: kuyambira 1925 anawonjezera kutalika kwa chipinda cha chipolopolo, monga 2 1/2". Mukaona mawu a TONS, ndi ya pakati pa 1954 ndi 1989. Mukaona BAR ndi mamilimita, ndi ya 1989 kupita mtsogolo.

Muyezo wa 2 1/2" uja musaudumphe. Ndi mamilimita 65, pamene zipolopolo zambiri za masiku ano ndi za 70. Zimalowa bwinobwino, ndipo ngozi yake ndi yomweyo. Mfuti ya ku Britain yopanda chidindo cha NP, BNP kapena mawu a NITRO inayesedwa ndi onga wakuda wakale basi. Ngati mipope ili ndi maluwa opotanapotana ngati nsalu, amene amatchedwa Damascus, kawirikawiri ndi ya zaka za m'ma 1800 kapena kumayambiriro kwa 1900.

Birmingham ili ndi kamphatso kena. Kuyambira 1921 mpaka 1941, ndiponso kuyambira 1950, ankadinda timalupanga tiwiri topingasa tating'ono kwambiri, tokhala ndi chilembo cha chaka. M'gulu loyambalo A ndi 1921 mpaka 1922, B chaka chotsatira, choncho. Ku London anachedwa. Anayamba kudinda chaka mu 1972.

Pa mfuti yathu choko chinaonetsa BP, BV, NP, NITRO PROOF 1 1/8 oz, 2 1/2", ndi timalupanga tokhala ndi H, kutanthauza 1928 mpaka 1929. Nkhondo ya Chiwaya inatha mu 1918. Nkhani yoyamba inagwa pomwepo, ndipo kunena zoona inali yokayikitsa kale, chifukwa asilikali a King's African Rifles sankanyamula zifefe, ndipo amtengatenga sankabwera ndi mfuti kumudzi. Komabe ndisanauze abale ndinafufuzanso chinthu chimodzi: chisoti pamwamba pa R. Chidindo chimenechi chimasonyeza kuti mfuti inayesedwanso kachiwiri, ndiye mfuti ya 1900 ikhoza kukhala ndi zidindo za 1930 pambali pa zakale. Mawu oti SLEEVED nawo amanena kuti mipope inasinthidwapo. Pa yathu panalibe zimenezo.

Zidindo zikakhala zosiyana ndi izi, mfutiyo si ya ku Britain, kaya pamsana palembedwa chiyani. Zilembo E, L, G m'kachizindikiro kooneka ngati dzira ndi Liège ku Belgium. Dziralo likavala chisoti ndi kuyambira 1893. Za ku Eibar ku Spain zili ndi chilembo cha chaka kuyambira A wa 1927. Za ku Italy zinkadindidwa chaka ndi manambala achiroma nkhondo yachiwiri itatha, kenako kuyambira 1975 zilembo ziwiri, AA. Za ku Suhl ku Germany zambiri zili ndi mwezi ndi chaka m'manambala, monga 528 kutanthauza mwezi wachisanu wa 1928. Ndipo zambiri zomwe zili m'midzi mwathu ndi Baikal za ku Russia, zolimba ngati khasu koma zosasowa.

Chachisanu ndi chimodzi: dzina, adiresi ndi nambala

Tsopano mutha kuyang'ana dzina, mutadziwa kale kuti dzina likhoza kunama. Amisiri a ku Belgium ankapanga zifefe zotchipa zochuluka n'kulembapo maina ofanana ndi a makampani otchuka. Yolembedwa W. Richards yokhala ndi dzira la ELG pansi si ya Westley Richards ya ku Birmingham, kampani ya 1812 ija. Chimodzimodzi zambiri zolembedwa J. Manton. Si kuti n'zopanda mbiri, koma mbiri yake ndi ina.

Komanso dzina la pamsana kawirikawiri ndi la wogulitsa, osati wopanga. Yathu inalembedwa Army & Navy C.S.L. London, koma zidindo zonse ndi za Birmingham. Palibe chinyengo pamenepo. Army & Navy Co-operative Society inali sitolo yaikulu ya pa Victoria Street ku London, yoyambitsidwa mu 1871 ndi akuluakulu a asilikali, kumene azungu opita kumaiko a atsamunda ankagula zonse kuyambira matenti mpaka mfuti. Sitoloyo sinkasula mfuti; inkaoda kwa amisiri, ambiri a ku Birmingham monga Webley & Scott, n'kulembapo dzina lake. Msuweni wanga mamiliyoni ake anathera apa.

Adiresi imathandiza kutsimikiza zaka. Purdey, yomwe inayamba mu 1814, inali pa 314 1/2 Oxford Street isanasamukire ku Audley House pa South Audley Street kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880. Dzina loti Holland & Holland linayamba mu 1876; zakale kuposa apo zimangolembedwa H. Holland, ndipo adiresi ya 98 New Bond Street anaisiya mu 1960. Mawu oti Anson & Deeley ndi dzina la kapangidwe ka mkati kopanda tinyundo takunja, komwe kanalembetsedwa mu 1875, choncho mfuti yotere singakhale yakale kuposa chaka chimenecho. Adiresi, kapangidwe ndi zidindo ziyenera kugwirizana. Zikatsutsana, khulupirirani zidindo ndipo mufunse chifukwa chake.

Nambala ya mfuti imapezeka kumchira kwa kachitsulo kotchinga zowombera, pansi pa mipope, pa mutu ndi mkati mwa kathabwa. Onani ngati ili imodzi ponseponse. Ikasiyana ndiye kuti zigawo zinachokera ku mfuti ziwiri. Nthawi zina pamakhala manambala awiri, ya wopanga ndi ya wogulitsa, lembani onse. Nambala 1 kapena 2 yagolide payokha pamwamba imasonyeza kuti zinapangidwa ziwiri ngati mapasa, ndipo inzake ili kwina.

Chachisanu ndi chiwiri: lemberani osunga mabuku

Makampani monga Purdey, Holland & Holland ndi Westley Richards akusungabe mabuku awo akale a maoda, ndipo amayankha mafunso, kawirikawiri molipiritsa. Mabuku a mfuti a Army & Navy ali ku nyumba yosungira zolemba zakale ya University of Glasgow. M'mabuku otere mumapezeka tsiku logulitsa, dzina la wogula woyamba, mtengo, kutalika kwa mipope, nthawi zina ndi kulemera kwake.

Imelo yanu ikhale yaifupi: dzina ndi adiresi monga zalembedwera, nambala, kukula kwa mpope, kutalika kwake, zithunzi zinayi kapena zisanu zooneka bwino. Nkhani ya kambuku ndi bwanamkubwa isungeni. Funsani mtengo musanalamule ntchito. Yankho likabwera, liyerekezeni ndi mfuti yomwe ili m'manja mwanu: buku likati mainchesi 30 koma yanu ndi 28, pali china chinachitika panjira, kapena mwawerenga nambala molakwika. Pa chitsulo chakale 3 ndi 8 amafanana kwambiri.

Zithunzizo musazimwaze pa Facebook pamodzi ndi nambala ndi dzina la mudzi. Mukuitana akuba.

Chachisanu ndi chitatu: tsatani mapazi ake kuno kwathu

Buku la ku Britain limathera pa kauntala ya sitolo. Kuchokera apo mpaka pa wadiropu ya malume ndi ulendo wanu, ndipo ndi gawo lovuta kuposa onse.

Yambirani m'nyumba. Sutikesi yamalata, Baibulo lakale, buku la ku positi, mafelemu a zithunzi kumbuyo kwake. Malisiti a laisensi ndi abwino koposa chifukwa amakhala ndi nambala ya mfuti, dzina, boma ndi chaka. Lisiti lakale kwambiri limakuuzani kuti pofika chaka chakuti mfuti inali kale m'banja. Mu nthawi ya atsamunda munthu wakuda sankangopeza mfuti yamakono mwachisawawa, pankafunika chilolezo cha DC, ndipo ambiri amene ankaloledwa anali mafumu, akalaliki, aphunzitsi, akapitawo ndi alenje odziwika. Ndiye ngati agogo anali nayo poyera, penapake panalembedwa. Mukapita kupolisi, funsani mwaulemu ngati kaundula wa mfuti akusonyeza chaka chomwe inalembetsedwa koyamba ndi kwa yani.

Ngati mwapeza dzina la wogula woyamba, kalifufuzeni ku National Archives ku Zomba, makamaka mu Gazette ya boma la Nyasaland, momwe ankalengeza za kulembedwa ntchito, kusamutsidwa ndi tchuthi cha ogwira ntchito m'boma, komanso m'manyuzipepala akale a Nyasaland Times. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre ili ndi mabuku ndi zithunzi zambiri za nthawiyo. Funso lanu n'limodzi: kodi munthuyu ndi agogo anakhalapo dera limodzi pa zaka zimodzi? Zikakumana, mwayandikira. Koma kuyandikira si kufika. Azungu ankagulitsana mfuti akamabwerera kwawo, ina inkadutsa m'manja atatu isanafike kwa kapitawo. Zina zinalowa kudzera ku Salisbury (Harare ya lero), Beira kapena Johannesburg, ndiye ngati agogo anali mtchona, yang'ananinso mapepala a kumeneko.

Kwa ife buku la ku Glasgow linapereka dzina la kaputeni wina amene sindinamupeze paliponse m'mapepala a Nyasaland. Amene anatithandiza ndi azakhali aakulu, omwe pabwalo paja sanayankhule kanthu. Nditawapeza okha kukhitchini akusenda chinangwa anati, "Mwana wanga, za kambukuzo n'za pamowa. Bambo ankagwira ukapitawo ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Bwana wawo popita kwawo anawasiyira mfutiyo ndi wailesi. Ine ndinali nditangotha msinkhu, ndipo wailesiyo ndinanyamula pamutu ndine." M'sutikesi ya malume tinapezadi lisiti la laisensi la boma la Thyolo, lolembedwa mwakale kuti Cholo, nambala yake yofanana ndi ya pa mfuti.

Pomaliza: lembani, ndipo mpata muusiye poyera

Gulani faelo. Tsamba loyamba lifotokoze mfutiyo: dzina, nambala, zidindo, miyezo, zilema zake. Kenako lembani ulendo wake motsatira zaka, ndipo pa mzere uliwonse muike chimodzi mwa zitatu: "chatsimikizika ndi pepala kapena chidindo," "wanena ndi amene anaona," kapena "zongomva." Nkhani ya kambuku nayo ilembeni, pansi pa zongomva, pamodzi ndi dzina la woikamba, ndi mbali ya mbiri ya banja ngakhale si mbiri ya mfuti. Mapepala enieni asungidwe pouma, makope apite kwa abale awiri kapena atatu, kuti mawa pasadzabuke mlandu. Za mtengo wake funsani faelo ikatha, kwa munthu amene sakufuna kuigula, ndipo ngati mukuganiza zoitumiza kunja dziwani kuti pamafunika zilolezo mbali zonse ziwiri.

Tsamba lachiwiri la faelo yathu lili ndi mizere inayi. Woyamba: inayesedwa ku Birmingham, 1928 mpaka 1929, chidindo. Wachiwiri: inagulitsidwa ku London kwa kaputeni uja, buku la sitolo. Wachinayi: inaperekedwa kwa agogo ku Thyolo, umboni wa azakhali ndi lisiti. Mzere wachitatu, wa mmene inachokera kwa kaputeni kufika kwa bwana wa esiteti, ndinausiya wopanda kanthu. Msuweni wanga akuti tingolembapo kuti anali pachibale. Faeloyo ndimasunga ndine.